CHIBADWA CHA MWANA NDI M'MENE AMAPHUNZIRIRA KUDZILETSA

Mawu Oyamba

Tiyerekeze kuti mwatumidwa kukaonerera ntchito pa sukulu ina ya mkaka ya kumudzi. Nthaŵi ya phala yakwana. Mayi wosamalira ana waika mbale pamkeka nanena kuti, "Musakhudze, phala likutentha. Dikirani ndikatenge masipuni." Pamkekapo pali ana atatu a zaka ziŵiri ndi theka. Woyamba sakudikira n'komwe; mayi uja asanatembenuke, iye wapisa kale chala m'mbale. Wachiŵiri wayang'ana phala, wayang'ananso mayi uja, kenaka wayamba kulira mokweza ndi kudzigubuduza pansi. Wachitatu wangokhala phee, manja ali pamiyendo, maso ali pansi.

Kodi mwa ana atatuŵa wodziletsa ndi uti? Ambiri a ife tingayankhe msanga kuti ndi wachitatuyo, ndipo tingaonjezere kuti woyamba ndi wosamva, wachiŵiri ndi wovuta. Phunziro lino lionetsa kuti yankho lotere n'lofulumira. Ana onse ayenera kuphunzira kudziletsa, koma sayambira pamalo amodzi ndiponso sadzera njira imodzi, pakuti aliyense amabadwa ndi mtima wakewake. Wamkulu amene sazindikira zimenezi amalanga mwana woyenera kuthandizidwa, nayamika mwana amene akuvutika mumtima.

Mwina mungafunse kuti, "Nanga ife amene tikukonzekera kukaphunzitsa ku pulaimale, za ana a zaka ziŵiri zitikhudza bwanji?" Zifukwa zake n'ziŵiri. Choyamba, ana amene mudzawalandire m'Sitandade 1 ali ndi zaka 6 adzabwera ndi zimene zidamangidwa mwa iwo pa zaka zitatu zoyamba, pajatu m'mera mpoyamba. Chachiŵiri, m'midzi yambiri makolo ndi osamalira ana amapita kwa mphunzitsi kukafunsa nzeru, ndipo zimene mudzawauze zidzagwira ntchito pa ana enieni.

1. Kodi Chibadwa N'chiyani?

M'phunziro lino liwu lakuti chibadwa silikunena za nzeru za mwana, kapena za khalidwe labwino ndi loipa. Likunena za m'mene thupi ndi mtima wa mwana zimayankhira zinthu zomchitikira: kaya amadzidzimuka msanga, kaya amalira mwamphamvu, kaya amathamangira chinthu chachilendo kapena kuchithaŵa. Amayi amazidziŵa bwino izi. Mayi wa ana asanu angakuuzeni kuti uyu adali wogona tulo, uyu ankadzuka ndi kaphokoso kalikonse, chonsecho onse adayamwa bere limodzi.

Kafukufuku wodziŵika kwambiri pa nkhaniyi adayambika ku New York m'chaka cha 1956. Madokotala aŵiri, Alexander Thomas ndi mkazi wake Stella Chess, pamodzi ndi anzawo, adatsatira moyo wa ana 133 kuyambira ukhanda mpaka kukula. Iwo adaona kuti ana amasiyana pa zinthu zisanu ndi zinayi izi: kutakataka kwa thupi, kulongosoka kwa nthaŵi ya kudya ndi kugona, kuyandikira kapena kuthaŵa zachilendo, kuzoloŵera zinthu zikasintha, kukula kwa phokoso kapena ululu umene ungamvutitse mwana, mphamvu ya kulira ndi kuseka, kukhala wokondwa kapena wokhumudwa nthaŵi zambiri, kucheukira zinthu zina msanga, ndi kulimbikira pa chinthu chimodzi.

Ataunika zonsezi adapeza magulu atatu. Pa ana 100 alionse, pafupifupi 40 adali osavuta kulera, pafupifupi 10 adali ovuta kulera, ndipo pafupifupi 15 adali ochedwa kuzoloŵera. Otsalawo, pafupifupi 35, sadagwe m'gulu lililonse. Chiŵerengero chotsirizachi tisachiiŵale, chifukwa chikutichenjeza kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse sakwana m'magulu amene akatswiri adakonza.

Thomas ndi Chess adaphunzitsanso kuti chibadwa pachokha sichilamula tsogolo la mwana. Chofunika ndicho kugwirizana kwa chibadwacho ndi zimene anthu omzungulira akuyembekezera kwa iye. Mfundo imeneyi idaoneka momvetsa chisoni ku Kenya m'chaka cha 1974. Dokotala wina, Marten deVries, adasankha makanda 10 osavuta kwambiri ndi makanda 10 ovuta kwambiri pakati pa Amasai. Kudagwa chilala choopsa, ndipo atabwererako patapita miyezi ingapo adapeza mabanja a ana 13 okha. Mwa ana 7 osavuta aja, 5 adali atamwalira. Mwa ana 6 ovuta aja, adamwalira mmodzi yekha. Zikuoneka kuti ana olira kwambiri ankayamwitsidwa kaŵirikaŵiri, pamene ofatsa ankaiŵalika kumsana. Anawo adali ochepa, motero sitingapange lamulo pa iwo. Komabe nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti dzina lakuti "wovuta" limanena za kutopa kwa ife akulu, osati za kuipa kwa mwana.

2. Kudziletsa Kumakula Pang'onopang'ono

Kudziletsa ndiko kutha kuleka chimene thupi likufuna kuchita pomwepo, kapena kuchita chimene thupi silikufuna, chifukwa cha lamulo kapena cholinga china. Palibe mwana amene amabadwa nako. M'chaka cha 1982 Claire Kopp, katswiri wa kakulidwe ka ana wa ku America, adalongosola makwerero amene mwana amadutsamo.

(a) M'miyezi yoyambirira khanda limangotha kudzitonthoza pang'ono, monga poyamwa chala kapena kutembenuza nkhope kuchoka pa kuŵala. Ntchito yonse yotsala ndi ya mayi.

(b) Pakati pa miyezi 12 ndi 18 mwana amayamba kuzindikira zimene wamkulu akufuna. Akamva kuti "Leka!" angathe kuleka, koma pokhapokha wamkuluyo ali pomwepo.

(c) Pofika miyezi 24 amayamba kukumbukira lamulo ngakhale wamkulu atachokapo, ndipo angathe kudikira kwa kanthaŵi kochepa.

(d) Kuyambira miyezi 36 amayamba kupeza njira zakezake zodzithandizira kudikira, ndi kusintha machitidwe ake molingana ndi malo.

Chifukwa chimodzi cha kuchedwaku chili mu ubongo. Mbali ya ubongo ya kumphumi, imene imagwira ntchito yoletsa ndi kulinganiza zochita, ndiyo imakhwima pomalizira, ndipo imapitirirabe kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Mwana wa zaka ziŵiri ali ndi miyendo yothamanga ndi manja ogwira, koma chomletsa m'kati mwake n'chanthete.

Katswiri wa ku Russia, Alexander Luria, adaonetsa chinthu china chofunika kwa mphunzitsi. Iye ankapatsa ana kampira kofinya m'manja. Mwana wa zaka pafupifupi ziŵiri akauzidwa kuti "Finya," ankafinya. Koma akauzidwa kuti "Usafinye," kaŵirikaŵiri ankafinyabe, mwinanso mwamphamvu kuposa poyamba. Pa msinkhu umenewu mawu a wamkulu amatha kuyambitsa ntchito asanathe kuiletsa. Tsono mukakuwa kuti "Usathamange!" kwa kamwana kamene kali paliŵiro, musadabwe kakaonjezera liŵirolo. Si mwano ayi. Makutu amva, koma thupi silinaphunzire kuima ndi mawu okha.

3. Pamene Chibadwa Chikumana ndi Kudziletsa

Tsopano tafika paphata pa nkhani yathu. Ngati ana onse amakwera makwerero amodzimodzi, n'chifukwa chiyani ana atatu a pamkeka aja adachita zosiyana?

Mary Rothbart wa pa Yunivesite ya Oregon adafotokoza kuti chibadwa chili ndi mbali ziŵiri. Mbali yoyamba ndi mphamvu imene imamkankha mwana: chilakolako chofuna kugwira chinthu, mkwiyo, kapena mantha. Mbali yachiŵiri ndi mphamvu yoletsa imene mwana amaigwiritsa ntchito mwadala. Iye pamodzi ndi Michael Posner adaonetsa kuti mphamvu yoletsayi imadalira kwambiri kutha kulamulira maso ndi maganizo. Mwana amene angathe kuchotsa maso pa mbale ya phala ndi kuyang'ana nkhuku imene ikudutsa wapeza kale njira yodikirira.

Tingayerekeze zimenezi ndi njinga. Njinga iliyonse imafuna mabuleki, koma njinga imene yasenza thumba la chimanga ndipo ikutsika chitunda imafuna mabuleki amphamvu kuposa imene ikuyenda pachidikha. Mwana woyamba uja, wothamangira zinthu, ndi mwana wachiŵiri, wopsa mtima msanga, ali ngati njinga zotsika chitunda. Mabuleki awo angakhale ofanana ndi a anzawo a msinkhu umodzi, koma katundu wawo ndi wolemera. Rothbart ndi anzake adapeza kuti makanda amene ankafulumira kwambiri kugwira zidole zatsopano ankakonda kukhala ana opupuluma pofika zaka 7.

Nanga mwana wachitatu? Jerome Kagan wa pa Yunivesite ya Harvard adayesa makanda pafupifupi 500 a miyezi 4 powaonetsa zinthu zachilendo ndi kuwamvetsera mawu achilendo. Pafupifupi 20 pa 100 alionse ankaphiriphitha ndi kulira kwambiri, pamene pafupifupi 40 pa 100 alionse sankatekeseka. Pofika miyezi 14 ndi 21, ambiri mwa olira aja adali ana amantha, okakamira amayi awo pamaso pa alendo. Mwana wotere sakhudza chimene waletsedwa, koma chomgwira dzanja kaŵirikaŵiri ndi mantha, osati kudziletsa kwadala. Iye ali ngati njinga yoimikidwa pakhonde. Njinga yotere sigunda munthu, koma zimenezo sizitsimikiza kuti mabuleki ake ndi abwino.

Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri. Mantha amangoletsa, ndipo amaletsa zoipa ndi zabwino zomwe. Mwana wamantha sakhudza moto, komanso sakweza mkono kuti ayankhe funso, sapempha kupita kuchimbudzi, ndipo sanena pamene mnzake wamlanda chakudya. Kudziletsa kwenikweni kumagwira ntchito mbali zonse ziŵiri: kumathandiza wopupuluma kuima, kumathandizanso wamantha kuyandikira chimene akuchiopa.

Grazyna Kochanska wa pa Yunivesite ya Iowa adakonza ntchito zoyesera kudziletsa kwadala mwa ana aang'ono. Zina mwa izo ndi izi: kudikira belu lilire asanatenge switi imene yavundikiridwa ndi kapu yoonekera m'kati, kusacheuka pamene wamkulu akukulunga mphatso kumbuyo kwake, kunena dzina monong'ona, ndi kuyenda pang'onopang'ono pamzere. Iye ndi anzake adapeza kuti pakati pa miyezi 22 ndi 33 ana amapita patsogolo kwambiri pa ntchito zotere. Amene ankachita bwino kwambiri adali ana amene ankatha kuika maganizo pa chinthu chimodzi ali makanda, ndiponso ana amene amayi awo ankalabadira zosoŵa zawo mwachikondi. Apa tikuona kuti chibadwa ndi kaleredwe zimagwira ntchito pamodzi.

Adapezanso kuti malamulo ali mitundu iŵiri. Pali lamulo loletsa, monga "Usakhudze zidole izo," ndi lamulo lotuma, monga "Tolera zidole uike m'dengu." Ana aang'ono amavutika kwambiri ndi lamulo lotuma kuposa loletsa, chifukwa limafuna kuti apitirize ntchito yosasangalatsa kwa nthaŵi yaitali. Mwana wamantha amamvera bwino lamulo loletsa, koma mantha akewo samthandiza pa lamulo lotuma. Chifukwa chake musaŵerengere kudziletsa kwa mwana poyang'ana zimene sachita zokha. Muyang'anenso zimene amatha kuchita mpaka kumaliza.

4. Njira Imodzi Sikwanira Ana Onse

M'zaka za 1995 ndi 1997 Kochanska adafalitsa zotsatira zimene mphunzitsi aliyense ayenera kuzidziŵa. Iye adafuna kudziŵa chimene chimathandiza mwana kusunga lamulo mumtima, kotero kuti alitsate ngakhale palibe womuona. Kwa ana amantha, chimene chidathandiza ndi kulangiza kofatsa, kopanda kuopseza. Kwa ana opanda mantha, kulangiza kofatsa pakokha sikudaonetse mphamvu yofananayo. Chimene chidawathandiza ndi ubale wolimba ndi wachikondi pakati pa iwo ndi amayi awo. Tiyeni tione tanthauzo la zimenezi pa ana athu atatu.

Mwana wothamangira zinthu. Kukalipa sikumloŵa mwana wotere, ndipo apa ndi pamene pali msampha. Wamkulu akaona kuti mawu sakugwira ntchito amakweza mawu, akaona kuti kukweza mawu kwalephera amatenga kamtengo, ndipo mapeto ake mwanayo amaphunzira kuzemba ndi kubisa, osati kudziletsa. Mwana wopanda mantha amamvera chifukwa chofuna kukondweretsa munthu amene amamkonda. Motero yambani ndi ubale: seŵerani naye, mutchuleni dzina pa zabwino osati pa zolakwa zokha. Mkhazikeni pafupi nanu. Muuzeni chochita m'malo mwa chosachita: "Manja pamaondo" ndi mawu omthandiza kuposa "Usakhudze." Manja ake apatseni ntchito, iye ndiye woyenera kugaŵa masipuni pamene phala likuzizira. Nthaŵi yodikira iyambe yaifupi kwambiri, kenaka muitalikitse pang'onopang'ono. Ndipo pamene pali ngozi, monga moto kapena chitsime, musadalire mawu. Mnyamuleni kapena chotsani chinthucho.

Mwana wopsa mtima msanga. Pamene mwana akudzigubuduza ndi kukuwa, mawu olangiza saloŵa. Ntchito yanu yoyamba ndiyo kudekha inu eni, chifukwa mwana wa msinkhu umenewu amabwereka kudekha kwa wamkulu asanakhale ndi kwake. Onetsetsani kuti sadzipweteka, khalani pafupi, ndipo dikirani. Musampatse chimene akulirira chifukwa cha kulirako, pakuti mukatero mwamphunzitsa kuti kugubuduka ndiyo njira yopezera zinthu. Musammenyenso, pakuti mukatero mwathira nkhuni pamoto. Akatonthola mpatseni mawu a chimene chamchitikira: "Unakwiya chifukwa uli ndi njala. Phala linali lotentha." Mwana akapeza mawu onenera mkwiyo wake, pang'onopang'ono amasiya kuunena ndi thupi. Chachikulu ndicho kupeŵa: mchenjezeni zinthu zisanasinthe, tsatani ndondomeko imodzi tsiku ndi tsiku, ndipo mukaona nkhope ikuyamba kuchita tsinya, mtembenuzireni ku chinthu china mkwiyo usanakule.

Mwana wamantha. Kwa iye liwu limodzi lofatsa likwanira. Mukamkalipira, mantha amamkulira kotero kuti amakumbukira nkhope yanu yaukali, naiŵala chimene mumafuna kumphunzitsa. Dziŵaninso kuti mukakalipira mnzake, iyenso amanjenjemera. Pali zolakwa ziŵiri zoyenera kupeŵa. Choyamba ndi kumkakamiza, monga kumkokera pakati pa bwalo kuti avine anzake akumseka. Chachiŵiri ndi kumtchinjiriza ku chilichonse, kumyankhira mafunso ndi kumlola kukhala pakona chaka chonse. Njira yabwino ili pakati: mloleni ayambe waonerera, kenaka ayese ali pafupi nanu, kenaka ayese ndi mnzake mmodzi. Kagan adapeza kuti ambiri mwa makanda olira aja sadakhale amantha kwambiri pa msinkhu uliwonse. Mwana wamantha sasanduka mtsogoleri wa phokoso, koma angathe kukhala munthu wodekha amene amayankhula pamene kuli kofunika.

Pali maseŵera amene amalimbitsa ana a mitundu yonse itatu, ndipo safuna ndalama. Ana avine ng'oma ikulira ndi kuima nji ikaleka. Anyamule madzi m'kapu kuyenda nawo pamzere wojambulidwa pansi osataya. Atchule maina awo monong'ona, kenaka mokweza. Okulirapo aseŵere masanje, pakuti mwana amene watenga mbali ya mayi kapena ya mlendo amadzikakamiza yekha kutsata malamulo a mbaliyo. Lev Vygotsky, amene adagwira ntchito limodzi ndi Luria, adaona kuti m'maseŵera otere mwana amadziletsa kuposa m'mene amachitira m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Iye adaphunzitsanso kuti mawu amene wamkulu amalangiza nawo mwana, pambuyo pake mwanayo amadziuza yekha mokweza, ndipo pomalizira pake amawanena mumtima. Tsono mukamva kamwana kakudziuza kuti "Moto, ayi, moto," musakatontholetse. Kakugwira ntchito yaikulu.

5. Mbali ya Ife Akulu

Ambiri adamvapo za kuyesa kumene Walter Mischel adachita pa Yunivesite ya Stanford kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Mwana wa zaka pafupifupi 4 ankapatsidwa chakudya chokoma chimodzi, nauzidwa kuti akadikira mpaka wamkulu abwerere adzalandira ziŵiri. Mischel adaona kuti ana amene ankadikira nthaŵi yaitali sadali ongoyang'anitsitsa chakudyacho molimba mtima, koma amene ankaphimba maso, kuimba, kapena kuganiza zina. Izi zikugwirizana ndi zimene taona kale za kulamulira maso ndi maganizo.

Koma kudikira sikudalira mwana yekha. M'chaka cha 2013 Celeste Kidd ndi anzake a pa Yunivesite ya Rochester adafalitsa zotsatira za kuyesa kwina. Asanayese ana, wamkulu ankawalonjeza kuti awabweretsera zojambulira zabwino. Kwa ana ena ankabweretsadi, kwa ena ankabwera chimanjamanja. Pambuyo pake, ana amene lonjezo lawo lidasungidwa adadikira pafupifupi mphindi 12, pamene onamizidwa aja adadikira pafupifupi mphindi 3 zokha. Mwana amene adazoloŵera kuti mawu akuti "ndikupatsa maŵa" satanthauza kanthu sakulakwa akamadya chimene chili m'manja. Mphunzitsi amene amalonjeza osachita, kapena kuopseza osachita, akugwetsa ndi dzanja lamanzere chimene akumanga ndi lamanja.

Chikhalidwe cha anthu nachonso chili ndi mbali yake. Bettina Lamm ndi anzake adayesa ana a zaka 4 a alimi a mtundu wa Nso ku Cameroon ndi ana a m'mizinda ya ku Germany, ndipo zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2017. Ana a ku Cameroon ankadikirira kachakudya kokazinga kofanana ndi mandasi. Pafupifupi 70 pa 100 alionse a iwo adadikira mphindi 10 zonse, pamene mwa ana a ku Germany adatero ndi osakwana 30 pa 100 alionse. Zimene ana amaphunzira kunyumba, monga kudikira akulu ayambe kusamba m'manja ndi kugaŵana ndiwo za m'mbale imodzi, ndi maphunziro enieni a kudziletsa. Mphunzitsi wanzeru amamanga pa maziko ameneŵa.

6. Zoyenera Kusamala Nazo

Choyamba, musasokoneze chibadwa ndi matenda. Chibadwa chimaoneka kwa nthaŵi yaitali ndi m'malo osiyanasiyana. Mwana wotakataka akangofatsa mwadzidzidzi, kapena wofatsa akayamba kulira pa zilizonse, ganizani za malungo, njala, kusagona, kapena mavuto a kunyumba. Mwana amene samvera konse mwina samva bwino m'makutu. Wotere apite kuchipatala, osati pakona.

Chachiŵiri, musapatse ana maina. Mwana amene amamva tsiku ndi tsiku kuti ndi "wosamva" amayamba kukhulupirira, ndipo dzinalo limamtsata kuchoka kwa mphunzitsi mmodzi kupita kwa wina. Polemba za mwana lembani chimene wachita, nthaŵi yake, ndi chimene chidachitika chisanachitike chimenecho.

Chachitatu, musaganize kuti ntchitoyi njaing'ono, kapena kuti yachedwa. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, akatswiri akhala akutsatira moyo wa ana 1,037 obadwa m'zaka za 1972 ndi 1973. M'chaka cha 2011 Terrie Moffitt ndi anzake adaonetsa kuti ana amene adali ndi kudziletsa kochepa pakati pa zaka 3 ndi 11 ndiwo adakumana kwambiri ndi mavuto a thanzi, a ndalama ndi a milandu pofika zaka 32, ngakhale ataŵerengera kusiyana kwa nzeru ndi chuma cha makolo. Koma adaonanso kuti ana amene kudziletsa kwawo kudakula m'kupita kwa zaka zinthu zidawayendera bwino koposa. Zaka zimenezo, kuyambira 6 mpaka 11, mwana amakhala m'manja mwanu.

Mawu Otsiriza

Chibadwa chimatiuza pamene mwana akuyambira ndi njira imene ingamfikitse msanga. Sichitiuza pamene adzathere. Wothamangira zinthu afuna ubale ndi ntchito ya manja, wopsa mtima afuna wamkulu wodekha ndi mawu onenera mkwiyo wake, wamantha afuna kulimbikitsidwa mofatsa kuti ayese. M'kalasi la ana ambiri, maso a mphunzitsi amathamangira kwa ochita phokoso, ndipo mwana wokhala phee kumbuyo angathe kumaliza chaka chonse osafunsidwa kanthu. Musanamyamikire kuti ndi wodziletsa, yambani mwapeza chimene chamkhazika chete. Zimenezi zimafuna nthaŵi, koma akulu adanena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito Yoti Muchite

Mutapempha chilolezo kwa makolo kapena osamalira ana, sankhani ana aŵiri a zaka zapakati pa 2 ndi 3. Muwaonerere kwa mphindi 20 pa tsiku, kwa masiku 5, pa nthaŵi zosiyanasiyana. Lembani zimene aliyense achita (a) pakafika mlendo, (b) akalandidwa chinthu, (c) akauzidwa kudikira, (d) akatumidwa kutolera zinthu. Musalembe maina awo enieni, ndipo musagwiritse ntchito mawu akuti "wabwino," "woipa" kapena "wovuta." Pomaliza kambiranani ndi anzanu njira imene ingathandize mwana aliyense.

Mafunso

1. Fotokozani kusiyana kwa mwana amene waletsedwa ndi mantha ndi mwana amene wadziletsa mwadala. Kodi mungawasiyanitse bwanji m'kalasi?

2. Kodi zimene Luria adapeza zikutiphunzitsa chiyani za kaperekedwe ka malamulo kwa ana aang'ono? Sinthani malamulo aŵa kuti anene chochita: "Usathamange," "Usakuwe," "Usamlande mnzako."

3. N'chifukwa chiyani kuonjezera chilango sikuthandiza mwana wopanda mantha?

4. Mayi wina wabwera kudzakuuzani kuti mwana wake wa zaka ziŵiri ndi wamwano chifukwa amagwirabe chimene waletsedwa. Lembani zimene mungamfunse mayiyo, ndi malangizo amene mungampatse.

5. Tchulani zizoloŵezi zitatu za kwanu zimene zimaphunzitsa ana kudikira, ndipo muonetse m'mene mungazigwiritsire ntchito m'Sitandade 1.